Uthenga wolowa m'nyumba osaodira

Bokosi litangotsekulidwa kuti abale aone nkhope, manja anayi adakwera m'mwamba nthawi imodzi. Dzanja lililonse linali ndi foni.

Kunali kumudzi wina m'boma la Dedza, Loweruka m'mawa, mphepo ya mwezi wa July ikulowa mpaka m'mafupa. Amayi a Chigwirizano, atavala zoyera ndi zakuda zawo, ankaimba chapansipansi pakhonde la nyumba ya siwa. Adzukulu anali atabwerako kumanda, miyendo ili mbuu ndi fumbi, akudikira kuti anyamule.

Mnyamata mmodzi wa jekete lachikopa adachita kugwada kuti kamera ilunjike bwino pankhope ya malemu. Kugwada kwake sikunali kwa ulemu. Ankafuna kuwala.

Gogo wina yemwe adakhala pamkeka pafupi ndi chitseko adamukoka jeketelo.

"Iwe, agonawa ndi amalume ako. Si ukwati uno."

Mnyamatayo adatsitsa foni, koma sadaiike m'thumba.

Pambali pa bokosilo padakhala mwana wamkazi wa malemuwo, maso ali psuu. Adafika usiku wa Lachisanu kuchokera ku Johannesburg komwe amagwira ntchito ya m'nyumba, atakhala m'basi masiku awiri: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka chipata cha Dedza. Koma chomwe anthu ankanong'onezana pamaliropo sichinali ulendowo. Chinali momwe adamvera za imfa ya bambo ake.

Adamvera pa status.

Lachitatu m'mawa, akumwa tiyi asanayambe kukolopa, adatsegula WhatsApp. Msuweni wake wa ku Lilongwe anali ataika chithunzi cha bambowo, kandulo pambali, tinkhope tolira titatu ndi zilembo zija: RIP. Nthawi imeneyo n'kuti kumudzi akuluakulu akadali pansi pa mtengo wa mango, akukambirana woti amuimbire. Anali atagwirizana kuti ayambe apeza mayi wina wa kumpingo kwawo komweko ku Joni, kuti akakhale naye pafupi foni ikamalira.

Msuweniyo adawapitirira ndi chala chimodzi. Ndi yemweyu wa jekete lachikopa.

Sadachite mwankhanza. Amalume akewo ndiwo adamulipirira sukulu, ndipo ndikhulupirira kuti pomwe ankaika chithunzicho misozi inali yeniyeni. Kungoti m'fonimo mulibe poti munthu n'kuima kaye n'kudzifunsa kuti, kodi uthengawu ndi wanga?

Kwathu kuno uthenga wa maliro uli ndi eni ake, ndiponso uli ndi njira yake. Munthu akatsirizika m'mudzi wa Achewa, amayi amayamba adziletsa kulira mokweza mpaka amfumu atauzidwa. Amfumu akalola m'pamene mfuu imamveka, m'pamenenso anyamata amatumidwa kumidzi ya achibale, wapansi kapena panjinga.

Mthengayo sankayambira kumsewu kukuwa. Ankafika pakhomo n'kuodira. Ankapatsidwa pokhala n'kulonjeredwa. Ankayang'ana kaye kuti wamkulu pakhomopo ndani, n'kumutengera pambali. Ngakhale pamenepo mawu akuti imfa sankatuluka. Ankati matenda aja akula, kapena kwathu kwavuta, odwala aja zakanika. Womva ankadziwa, koma mtima wake unkapatsidwa kamphindi koti ukhale pansi.

Nthawi ya matelegalamu, wa kumigodi ya ku Joni kapena ya malasha ku Wankie ankalandira mawu ochepa oti abwere msanga, bambo adwalika. Ankakwera sitima akudziwa, koma asanauzidwe.

Ngakhale wailesi ya MBC, m'mauthenga achisoni aja omwe nyumba yonse inkakhala chete pomvera, sinkangotola imfa mumsewu. Uthenga unkachokera kwa eni maliro, wotchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, komanso amene akudziwitsidwa.

Ndipo mpaka lero pamsewu wodutsa pamaliro timaika masamba. Wapanjinga akawaona amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Masamba a mtengo amauza munthu kuti ayende pang'onopang'ono.

Masamba a mchezo amamuuza kuti athamange.

Adapangidwira zimenezo. Facebook ndi TikTok zimadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amalipira maso athu. Chomwe chaimitsa anthu ambiri, chomwe chawaliritsa kapena kuwakwiyitsa, ndicho chimakankhidwira kwa enanso. Woyamba kuponya nkhani ndiye amakolola ndemanga. Wodikira kuti anamfedwa auzidwe kaye amapeza m'munda atakolola kale.

Dziko lonse lidaona liwiro limeneli pa 10 June 2024, ndege ya asilikali yomwe idanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 itasowa pa ulendo wa ku Mzuzu. Usiku umenewo anthu sadagone. Gulu lililonse la WhatsApp linali ndi nkhani yakeyake. Ena ati yatera kwakuti, ena ati yaoneka kwakuti, aliyense ali ndi munthu wamkati yemwe wamutsina khutu. Mawa lake ndegeyo idapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo zithunzi za pamalopo zidayamba kudumpha kuchoka foni iyi kupita iyo.

Anthu 9 aja anali ndi ana, akazi, amuna ndi makolo. Nawonso anali ndi mafoni m'manja.

Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, zinali chimodzimodzi. Mavidiyo a anthu akufukulidwa m'matope adayenda msanga kuposa maambulansi. Ndisaname, mavidiyo omwewo ndiwo adadzutsa Amalawi akuno ndi akunja kuti asonkhe ufa, zofunda ndi ndalama. Koma kuonetsa matope ndi nyumba zogumuka n'kwina, kuonetsa nkhope ya mwana wa eni ali gone n'kwinanso.

Kale mtembo ukapezeka panjira, mayi woyamba kufika ankamasula chitenje chapamwamba n'kuufunditsa. Lero chitenje chimafika kamera itadutsa kale. Pangozi za mumsewu wa M1 nazo n'zomwezo: wovulala akubuula, anthu amuzungulira, koma manja onse ndi otanganidwa.

Namondwe uja atadutsa, m'misasa mudabwera zithunzi za mtundu wina. Kathumba kamodzi ka ufa, anthu asanu atagwirako, onse akumwetulira, pakati pali gogo yemwe wataya zonse akuyang'ana pansi. Palibe adamufunsa ngati akufuna kuti umphawi wake uonedwe ku Lilongwe ndi ku London. Angakane bwanji ufa uli m'manja mwa wojambulayo?

Pali gulu lina la anthu lomwe silijambula kanthu. Ntchito yawo ndi kupatsira. Uthenga ukangofika, asanaumalize n'komwe, wapita kale kugulu la mpingo, la kuntchito, la anzawo a ku sekondale ndi la banja. Pamwamba amalembapo kuti "Forwarded as received", ngati kunena kuti ine ndangotola, musandifunse. Akuluakulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Uyu sadapiteko n'komwe komverako.

Eni ake a WhatsApp adaliona vutoli. Mu 2018, mphekesera za anthu oba ana zitaphetsa anthu osalakwa ku India, adayamba kuika chizindikiro pa uthenga wongopatsirana. Mu January 2019 adalamula kuti uthenga umodzi usatumizidwe kumalo oposa 5 nthawi imodzi. Mu April 2020, Covid-19 itavuta, adafinyanso: uthenga womwe wadutsa m'manja ambiri, uja wa mivi iwiri, uzipita kumalo amodzi okha nthawi imodzi.

Chala cha munthu wofunitsitsa sichitopa. Amangotumiza kasanu.

Mphekesera si zachilendo kuno. Za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu 2017, ndipo zambiri zinkayenda pakamwa. Chomwe foni yawonjezera ndi miyendo. Katemera wa Covid-19 atafika mu March 2021, m'magulu mudadzaza mavoisi a anthu osadziwika dzina, ena odzitcha madokotala, akuti katemerayo ndi chizindikiro cha 666, ena akuti ngotseka mimba. Mu May chaka chomwecho boma lidawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 yemwe adatha mphamvu. Gawo lina la vutolo linali lakuti katemerayo adafika masiku ake atatsala ochepa. Gawo lina linali m'mafoni a azakhali athu.

Zinanso n'zongotopetsa chabe, ndipo zimenezi tonse tili nazo mlandu.

Mumadzuka m'mawa n'kupeza mwalowetsedwa m'gulu la ukwati wa munthu yemwe mudakumana naye kamodzi pa msonkhano ku Mangochi. Palibe moni, palibe pempho. Pofika masana mndandanda watuluka: mayina onse, ndalama zomwe aliyense walonjeza, nambala za Airtel Money ndi Mpamba, ndi kachizindikiro kobiriwira pa amene apereka. Dzina lanu lili pa nambala 63, lopanda kanthu, ndipo mndandandawo umabwerezedwa m'mawa ndi madzulo. Ukwati usanafike pali chinkhoswe, pali bridal shower, pali send-off, chilichonse ndi gulu lake. Perekaniperekani yemwe kale ankachitika tsiku limodzi, anthu akuvina, tsopano amatha miyezi itatu, munthu ali pabedi pake.

Kusonkherana si kolakwika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo maliro ambiri a m'tauni, ngakhale mitembo yochokera ku South Africa, imayenda ndi ndalama za m'magulu omwewa. Cholakwika ndi kukokera munthu m'nyumba asanavomere, kenaka n'kumuyalutsa kuti sadabwere ndi kanthu.

Kutuluka nakonso kunali mlandu. Kale ukachoka gulu lonse linkaona, ndipo miseche inkayambira pomwepo. Kuyambira 2022 amadziwitsidwa ndi ma admin okha, ngakhale wofufuza amadziwabe. Ambiri sadziwanso kuti mu Settings, pa Privacy, pali malo olembedwa Groups pomwe munthu angasankhe amene ali ndi chilolezo chomulowetsa m'gulu. Ndi kachitseko kakang'ono, koma kamatsekeka.

M'gulu la makolo a sukulu wina akugulitsa nsapato za kaunjika. M'gulu la kwaya wina waponya za chipani chake. M'gulu la banja, amalume opuma ntchito amatumiza duwa la "mwadzuka bwanji" tsiku lililonse 5 koloko m'mawa, ndipo anthu 40 amayankha aliyense ndi duwa lake. Bandulo ya sabata imatha Lachitatu. Mu 2020 achinyamata adalira kwambiri kuti mtengo wa intaneti utsike. Walira mvula walira matope.

Mavoisi ndiwaikira kumbuyo pang'ono. Kwa mayi yemwe sukulu adalekezera sitandade 3, kapena gogo yemwe maso adayamba kuchita chidima, voisi ndiyo kalata yoyamba yomwe angathe kulemba yekha, m'chinenero chake, popanda kutuma mdzukulu. Amene amanyoza mavoisi nthawi zambiri ndi anthu omwe sadavutikepo ndi zilembo. Koma voisi ya mphindi 9 yomwe mfundo yake ili kumapeto ndi chilango. Ndipo kuimvera mu minibasi ya ku Limbe popanda zam'makutu ndiye kuitana anthu 15 pa mlandu wa banja la eni. Tsiku lina tonse tidamva kuti mlamu wa mayi wina adagulitsa mbuzi zosakhala zake. Kondakitala adaperekapo maganizo.

Nanga moni? Mnyamata yemwe pamaso pa apongozi ake amavula chipewa n'kunjuta, pafoni amawalembera kuti "bho?" Mtsikana wofunsira ntchito amatumizira bwana "hi" 11 koloko usiku. Inu uja wa ulemu amasanduka iwe, zikomo amasanduka zkm. Mbali inayi kuli anthu a moni wosatha: "Moni." Mwayankha. "Muli bwanji?" Mwayankha. "Kunyumba?" Mwayankha. "Ana?" Pofika funso lachisanu mwadziwa kale kuti kukubwera pempho la kangachepe.

Ndiye pali timizere tiwiri tabuluu tija, tomwe WhatsApp idabweretsa mu 2014. Tadanitsa anthu ambiri. Munthu wawerenga ali pamzere kubanki, kapena ali pa kabaza, ndipo sadayankhe. Winayo watupa kale: wandiwerenga koma wandinyoza. Kalata ya papositi inkatha milungu iwiri, ndipo chibale sichinkatha.

Zoseketsazi zili ndi malire ake. Kuseri kwake kuli screenshot.

Zomwe mudauza mnzanu usiku muli ndi nkhawa, mawa zili pagulu. Ngongole ya banki m'khonde ikachedwa, chithunzi cha wobwerekayo chimaikidwa pa Facebook ndi mawu akuti wakuba. Chibwenzi chikatha, zithunzi zomwe adatumizirana awiri m'chikondi zimatuluka, ndipo pafupifupi nthawi zonse wovulidwa pagulu ndi wamkazi. Mwamuna yemwe wazitulutsa satchulidwa. Anthu omwe Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi amalemba pansi pake kuti "inbox", kupempha kuti nawo awatumizire. Mtsikanayo amasiya sukulu, kapena ntchito, kapena mudzi.

WhatsApp imalola kufufuta uthenga kwa onse mkati mwa masiku awiri. Chithunzi chomwe chalowa kale m'mafoni 500 sichimva zimenezo.

Lamulo lilipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yomwe bungwe la MACRA limayang'anira, imati kuzunza munthu pa intaneti, kumulondalonda, ndi kumusowetsa mtendere ndi mauthenga onyoza ndi milandu, ndipo munthu atha kulipa chindapusa kapena kukagwira ukaidi. Mu May 2024 khoti ku Dowa lidagamula bambo wina wa ku Mponela kuti alipire K200,000 kapena akakhale kundende miyezi 6, chifukwa cha kavidiyo ka pa TikTok konyoza mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, komwe adaponya pagulu la WhatsApp. Omenyera ufulu wolankhula adadandaula, ndipo ine ndili nawo. Lamuloli limaoneka lopepuka miyendo wonyozedwa akakhala wamkulu. Likanathamanga chomwecho pothandiza mtsikana yemwe zithunzi zake zamwazidwa, bwenzi tikuliombera m'manja.

Komabe palibe ndime ya lamulo yomwe ingamange msuweni chifukwa cholira amalume ake pa status. Apolisi alibe nazo gawo zimenezo. Kale zinkagwiridwa ndi anamkungwi, ankhoswe ndi agogo pamoto madzulo, ndipo onsewa foni idawapeza atakula kale. Mwana ndiye amaphunzitsa kholo potsegula, potumiza ndi pofufuta. Wophunzitsidwa amavutika kulangiza mphunzitsi wake.

Magulu ena ayamba kudziikira malamulo. Ndaona gulu la banja lomwe lidagwirizana kuti za imfa amalengeza ndi munthu mmodzi yekha, mwini mbumba, ndipo amatero ana ndi makolo a malemu atauzidwa pakamwa. Ndaonanso admin wa gulu la mpingo yemwe amatseka gulu 9 koloko usiku n'kutsegula m'mawa, ngati mlonda wa pageti. Amamunena kuti ndi wankhanza. Palibe watulukamo.

Kumanda ku Dedza kuja, amfumu polankhula adathokoza adzukulu, adawerengetsa chipepeso, kenaka adapempha kuti pa nthawi yotsitsa bokosi mafoni alowe m'matumba. Ambiri adamvera.

Wa jekete lachikopa sadamvere. Adaima kumbuyo kwa mtengo, foni ili m'mwamba. Nditamuyandikira ndidaona kuti sakujambula. Pagalasipo panali nkhope ya mwamuna wovala ovolosi, atakhala pa chidebe cha penti, akulira ngati mwana. Anali mwana wachisamba wa malemuwo, ali ku Cape Town. Mapepala ake sali bwino, ndipo akadatuluka sakadabwereranso. Dothi loyamba litagwera pabokosi, adalimva kudzera m'dzanja la msuweni wake yemweyo.

Mlongo wake uja wa ku Joni sadamulankhulitse msuweniyo tsiku lonse.

Madzulo, anthu atabalalika, amayi akutsuka miphika ikuluikulu kuseri, gogo uja adamuitana mnyamatayo. Tonse tidati lero aona zakuda. Adafika n'kukhala pansi, chapatali pang'ono.

"Tandionetsa amalume ako aja."

Adatsegula. Gogoyo adalandira foniyo ndi manja awiri, n'kuiyandikitsa kumaso. Adayang'ana nthawi yaitali, osaphethira.

"Agona bwino," adatero. "Koma usaonetse anthu."

Mnyamatayo adangozyolika. Pansi pa chithunzicho panali kale ndemanga zoposa 200.